Mmene gridi ya mapu a dziko imalozera malo ndi manambala

Munthu akavulala ali paphiri n'kuimbira foni anthu opulumutsa anzawo pangozi, funso loyamba limene amamva ndi lakuti ali pati. Akayankha kuti ali pafupi ndi mwala waukulu kumtunda kwa mtsinje, omufunafunawo sapindula kanthu, chifukwa miyala ikuluikulu ndi mitsinje ili ponseponse. Ku Britain, yankho lothandiza limakhala zilembo ziwiri zotsatana ndi manambala ochepa, monga NN 166 712, ndipo aliyense amene ali ndi mapu a Ordnance Survey, bungwe lojambula mapu a dzikolo, angathe kuika chala pamalo amenewo mosataya nthawi: ndi pansonga pa Ben Nevis ku Scotland, phiri lalitali kuposa onse a m'dzikomo. Zilembo ndi manambalawa zimachokera pa gridi ya dziko, kutanthauza mizere yopingasana imene inayalidwa pa mapu onse a dzikolo kuti malo alionse akhale ndi nambala yakeyake. Mayiko ambiri ali ndi gridi yawo, koma ya Britain ndi yabwino kuphunzirirapo chifukwa mbiri yake ndi yodziwika bwino. Amene amagwiritsa ntchito manambalawa amawaona ngati osavuta, ndipo n'zoona kuti kuwawerenga n'kosavuta. Komabe pansi pawo pali zosankha zingapo zimene akatswiri oyeza malo anagwirizana, chimodzi chitakhazikika pa chinzake, ndipo munthu amene sakuzidziwa angathe kulemba nambala molondola koma n'kuloza malo olakwika.

Funso loyamba ndi lakuti n'chifukwa chiyani pafunika gridi pamene latitude (kutalikira kwa malo kumpoto kapena kumwera kwa ikweta) ndi longitude (kutalikira kwake kum'mawa kapena kumadzulo) zilipo kale. Ziwirizi zimaloza malo alionse padziko lapansi, koma zimayezedwa m'madigiri, ndipo digiri si mtunda wokhazikika. Digiri imodzi ya latitude ndi pafupifupi makilomita 111 kulikonse, pamene digiri imodzi ya longitude imafupika munthu akamachoka pa ikweta, popeza mizere ya longitude imayandikirana mpaka kukakumana kumapeto kwa dziko kumpoto ndi kumwera. Pa ikweta imakhala makilomita 111, koma pa madigiri 60 kumpoto imatsala theka lake lokha, pafupifupi makilomita 56. Choncho munthu amene wapatsidwa malo awiri m'madigiri sangadziwe mtunda wapakati pawo popanda masamu ovuta ndithu. Pa gridi zinthu n'zosiyana, chifukwa zonse zili m'mamita ndipo mizere imapingasana mowongoka. Malo ena akakhala makilomita 3 kum'mawa ndi makilomita 4 kumpoto kwa malo anzake, lamulo la Pythagoras likutiuza pomwepo kuti pakati pawo pali makilomita 5. Woyeza malire a munda, womanga msewu, msilikali ndi woyenda m'mapiri onse amafuna kuwerengera kotere.

Vuto lalikulu n'lakuti dziko lapansi ndi lobulungira pamene pepala ndi lafulati. Munthu akadula mpira pakati n'kuyesa kuyala chidutswa chimodzi patebulo, amaona kuti sichikugona pokhapokha atachikoka kapena kuching'amba. Katswiri wa masamu wa ku Germany, Carl Friedrich Gauss, anatsimikizira mu 1827 kuti zimenezi sizichitika chifukwa cha kusowa luso: palibe njira iliyonse yoyalira chinthu chobulungira pamalo afulati popanda kusintha mitunda ina. Mapu alionse, ngakhale abwino chotani, amapotoza kanthu kena. Ntchito ya wokonza gridi ndi kusankha chimene alole kuti chipotoke, kuchepetsa kupotokako m'dera la dziko lake, ndi kudziwa kukula kwake pamalo alionse kuti kuthe kukonzedwa powerengera.

Asanafike pa kuyalako, ayenera kugwirizana kaye za maonekedwe a chinthu chimene akuchiyala. Dziko silobulungira ndendende ngati mpira. Ndi lofufuma pa ikweta ndipo ndi lophwathalala pang'ono kumpoto ndi kumwera, moti mtunda wochokera pakatikati pake kufika pa ikweta umaposa wofika kumapeto ake a kumpoto ndi makilomita pafupifupi 21. Kuwonjezera apo lili ndi mapiri, zigwa ndi nyanja. Oyeza malo amatenga chinthu chosalala cha m'masamu chotchedwa ellipsoid, chofanana ndi mpira wopanikizidwa pang'ono, n'kuchiika m'malo mwa dziko lenileni. Kale dziko lililonse linkasankha ellipsoid imene inkagwirizana bwino ndi dera lake, osalabadira ngati ikukwanira kutsidya kwa nyanja. Britain inatenga imene George Biddell Airy anawerengera mu 1830, yomwe kuchokera pakati kufika pa ikweta ndi mamita 6,377,563. Ellipsoid imene GPS imagwiritsa ntchito masiku ano, ya WGS84, ili ndi mamita 6,378,137, kusiyana kwa mamita oposa 570, ndipo pakati pa ziwirizi sipali pamalo amodzi. Kusiyana kumeneku tidzakumana nakonso kutsogoloku.

Ellipsoid payokha ndi chinthu cha m'mutu chabe. Iyenera kumangirizidwa kunthaka yeniyeni, kuti zidziwike kuti malo akutiakuti a paphiri lakutilakuti ali ndi latitude ndi longitude yakutiyakuti. Kumangirizako ndiko kumatchedwa datum. Setilaiti isanabwere, njira yake inali kuyeza ngodya. Ngati munthu akudziwa kutalika kwa mbali imodzi ya thirayango ndi ngodya zake, angathe kuwerengera mbali ziwiri zotsalazo osaziyenda ndi mapazi. Mbali zimene wapezazo zimakhala poyambira pa thirayango yotsatira, ndipo amapitiriza motero mpaka dziko lonse litakutidwa ndi ukonde wa mathirayango olumikizana, kuchokera pamwamba pa phiri lina kukafika pa lina. Ku Britain ntchitoyi inayamba pamene katswiri woyeza malo William Roy anayeza mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 8 pa Hounslow Heath, pafupi ndi London, mu 1784, pogwiritsa ntchito ndodo zagalasi zimene ankazilumikiza imodzi ndi imodzi. Anasankha galasi chifukwa silitalika kapena kufupika kwambiri nyengo ikasintha, kusiyana ndi ndodo zamatabwa zimene zinamukhumudwitsa poyamba chifukwa cha chinyezi.

Pofika m'zaka za m'ma 1930 mapu akuluakulu a dzikolo anali osokonekera, chifukwa zigawo zosiyanasiyana zinajambulidwa chilichonse ndi poyambira pakepake, ndipo mapu a zigawo zoyandikana sankalumikizana bwino m'malire. Komiti imene boma linakhazikitsa mu 1935, motsogozedwa ndi J. C. C. Davidson, inalimbikitsa kuti pakhale gridi imodzi ya dziko lonse, ndiponso kuti ikhale m'mamita ngakhale kuti anthu a m'dzikolo ankayeza mitunda m'mamailosi ndi m'mayadi. Ntchito yoyezanso dziko inatsogoleredwa ndi Martin Hotine, amene anakonza chipilala chakonkire chachifupi, chofika m'chiuno mwa munthu, chokhala ndi chitsulo pamwamba pake choikapo makina oyezera ngodya otchedwa theodolite. Chipilala choyamba kugwiritsidwa ntchito chinali cha ku Cold Ashby ku Northamptonshire mu April 1936, ndipo pamene ntchitoyi inkatha mu 1962 zipilala zoterezi zinali zitapitirira 6,000. Nthawi zambiri oyezawo ankagwira ntchito usiku, akuloza nyali zoyatsidwa pa zipilala zakutali, chifukwa masana mpweya wotentha umagwedeza chimene diso likuona. Datum imene inatuluka pa ntchitoyi ndi OSGB36. Mfundo imodzi imene imandichititsa chidwi ndi yakuti Hotine sanafune kuti mapu atsopano asiyane kwambiri ndi akale, choncho anagwirizanitsa ukonde watsopanowo ndi malo 11 a muyeso wakale, ndipo potero kukula kwa dziko lonse pa gridi kunatengera miyeso ya m'nthawi ya Roy ndi omutsatira. Zolakwika zimene zinalowa mwa njira imeneyi ndi pafupifupi mamita 20 pa kutalika kwa dziko lonse, zomwe n'zochepa modabwitsa tikaganizira zipangizo zimene anthuwo anali nazo.

Tsopano tafika pa kuyala kwenikweni, kumene akatswiri amakutcha projection. Njira yodziwika kwambiri ndi imene Gerardus Mercator anatulutsa mu 1569, yomwe tingaiyerekeze ndi pepala lokulungidwa ngati paipi kuzungulira dziko, likukhudza dzikolo pa ikweta. Pafupi ndi pamene pepala likukhudza, mitunda imatuluka yolondola, koma kutali ndi ikweta zinthu zimakula mopitirira, n'chifukwa chake Greenland amaoneka wamkulu ngati Africa pa mapu oterewa pamene Africa ndi wamkulu kuwirikiza pafupifupi 14. Britain ali kutali ndi ikweta, komanso ndi dziko lalitali kuchokera kumwera kupita kumpoto ndi lopapatiza kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Yankho lake ndi kugoneka paipi ija cham'mbali kuti ikhudze dziko motsatira mzere umodzi wa longitude wodutsa pakati pa dzikolo. Imeneyi ndiyo Transverse Mercator, imene Johann Heinrich Lambert anaifotokoza mu 1772, Gauss n'kuikonza kuti igwire pa ellipsoid, ndipo Louis Krüger anamaliza masamu ake mu 1912. Ubwino wake waukulu ndi wakuti imasunga ngodya: misewu iwiri imene imakumana pa madigiri 40 pansi imakumananso pa madigiri 40 pamapu, ndipo kamunda kakang'ono sikasintha maonekedwe ake. Mzere wapakati umene Britain anasankha ndi wa madigiri 2 kumadzulo kwa Greenwich, malo a mu London pamene pamadutsa mzere wa longitude ya ziro.

Pepala likanangokhudza dziko pa mzere wapakatiwo, mitunda ikanakhala yolondola pamenepo pokha, n'kumakula mowonjezereka munthu akamapita kum'mawa kapena kumadzulo, ndipo madera a m'mphepete akanasenza kupotoka konse. Okonza gridi anachita zanzeru: anachepetsa paipi ija pang'ono kuti ilowe m'kati mwa dziko pa mzere wapakati n'kutulukira mbali zonse ziwiri. M'masamu izi zimachitika pochulukitsa mitunda yonse ndi nambala yochepera pang'ono pa 1, yomwe ku Britain ndi 0.9996012717. Zotsatira zake n'zakuti pa mzere wapakati kilomita imodzi ya pansi imaoneka yoperewera ndi masentimita 40 pa gridi. Munthu akayenda makilomita pafupifupi 180 kum'mawa kapena kumadzulo, amafika pa mizere iwiri pamene gridi ndi nthaka zimafanana ndendende, ndipo akapitirira apo gridi imayamba kuposa nthaka, moti pa makilomita 300 kuchokera pakati kilomita iliyonse imatalika ndi masentimita pafupifupi 70. Woyenda pansi sangazindikire zimenezi ngakhale pang'ono. Koma injiniya amene akumanga mlatho kapena njanji, akatenga mtunda pa manambala a gridi n'kukauika pansi osaukonza, zitsulo zake sizidzakumana pamene anafuna, ndipo n'chifukwa chake oyeza malo amachulukitsa kapena kugawa mtunda uliwonse ndi nambala ya dera limene akugwirako ntchito.

Dziko litayalidwa chonchi, pamafunika poyambira kuwerenga. Poyambira penipeni pa gridi ya Britain ndi pamene mzere wapakati uja ukukumana ndi latitude ya madigiri 49 kumpoto, chakumwera kwa chilumba cha Jersey. Kuwerengera kuchokera pamenepo kukanabweretsa zovuta ziwiri. Malo onse a kumadzulo kwa mzere wapakati akanakhala ndi manambala otsika pansi pa ziro, ndipo munthu wotopa kapena wolankhula pa wailesi yosamveka bwino amaiwala msanga kachizindikiro kochotsera. Komanso kumpoto kwenikweni kwa Scotland manambala akanakula kuposa mmene zinafunikira. Choncho anasuntha poyambira kuwerenga makilomita 400 kumadzulo ndi makilomita 100 kumpoto, n'kufika m'nyanja, kumwera chakumadzulo kwa zilumba za Scilly. Kuchokera pamenepo dziko lonse lili kum'mawa ndi kumpoto, ndipo malo alionse amalozedwa ndi manambala awiri okha: mamita opita kum'mawa, otchedwa easting, ndi mamita opita kumpoto, otchedwa northing. Mzere wapakati uja uli ndi easting ya 400,000 kuyambira kumwera mpaka kumpoto.

Manambala athunthuwa ndi amene makompyuta ndi oyeza malo amagwiritsa ntchito, koma ndi ataliatali kwa munthu amene akuwerenga mapu mvula ikugwa. Apa m'pamene zilembo zimabwera. Dera lonse linagawidwa m'mabokosi akuluakulu a makilomita 500 mbali iliyonse, ndipo bokosi lililonse lili ndi chilembo chake. La S likuyambira pa ziro penipeni ndipo likukuta Wales ndi gawo lalikulu la England, la T lili kum'mawa kwake, la N lili kumpoto kwa S ndipo likutenga gawo lalikulu la Scotland ndi kumpoto kwa England, pamene la H lili pamwamba pa N, kumene kuli Orkney ndi Shetland. La O, lomwe lili kum'mawa kwa N, pafupifupi lonse ndi nyanja, kupatula kachidutswa kakang'ono ka gombe ku North Yorkshire. Bokosi lalikulu lililonse linagawidwanso m'mabokosi 25 a makilomita 100, oikidwa m'mizere 5 ya mabokosi 5, ndipo amapatsidwa zilembo kuyambira A pangodya ya kumpoto chakumadzulo mpaka Z pangodya ya kumwera chakum'mawa. Chilembo cha I anachisiya, kuti zilembo zikwane 25 komanso kuti chisasokonezedwe ndi nambala 1. London ali mu TQ, Edinburgh mu NT, ndipo zilumba za Scilly zili mu SV, bokosi loyamba kuchokera pa ziro.

Tibwerere ku NN 166 712 kuti tione mmene zonsezi zimagwirira ntchito pamodzi. N woyamba akutiuza kuti tili m'bokosi lalikulu loyambira pa makilomita 0 kum'mawa ndi makilomita 500 kumpoto. N wachiwiri ali mumzere wachitatu wa zilembo, umene uli ndi L, M, N, O ndi P, ndipo ndi wachitatu mumzeremo, choncho akuwonjezera makilomita 200 kum'mawa ndi makilomita 200 kumpoto. Ngodya ya kumwera chakumadzulo ya bokosi la NN ili pa makilomita 200 kum'mawa ndi makilomita 700 kumpoto. Manambala otsatirawo amagawidwa pakati: theka loyamba ndi la kum'mawa nthawi zonse, lachiwiri ndi la kumpoto. Nambala ya 166 ikutanthauza makilomita 16.6 kum'mawa kwa ngodya ija, ndipo 712 ikutanthauza makilomita 71.2 kumpoto kwake. Tikaphatikiza, nsonga ya Ben Nevis ili pa easting ya 216,600 ndi northing ya 771,200. Pa mapu enieni, mizere yabuluu ya gridi imatalikirana kilomita imodzi, yomwe ndi masentimita 2 pa mapu a 1:50,000 ndi masentimita 4 pa mapu a 1:25,000, ndipo mzere uliwonse uli ndi nambala yake m'mphepete. Wowerenga amapeza mzere woimirira wa 16 ndi wogona wa 71, kenako amagawa bokosilo m'magawo khumi ndi maso kapena ndi kachipangizo koyezera, n'kuyenda magawo 6 kumanja ndi magawo 2 kupita m'mwamba. Cholakwa chimene ophunzira amachita kawirikawiri ndi kutembenuza ziwirizi, ndipo NN 712 166 ndi malo enieni ndithu, koma ali pa mtunda wa makilomita oposa 75 kuchokera paphiripo. Kusiya zilembo nakonso n'koopsa, chifukwa 166 712 amapezeka m'bokosi lililonse la makilomita 100.

Pali mfundo ina imene anthu ambiri saiganizira. Nambala ya pa gridi imatchula bokosi, ndipo kuchuluka kwa manambala ndiko kumasonyeza kukula kwa bokosilo. Manambala anayi, monga NN 16 71, akutchula bokosi la kilomita imodzi. Asanu ndi limodzi akutchula la mamita 100, asanu ndi atatu la mamita 10, ndipo khumi la mita imodzi. Nthawi zonse nambala imaloza ngodya ya kumwera chakumadzulo ya bokosilo, choncho pofupikitsa nambala yaitali timangodula manambala akumapeto osakweza otsalawo: 16678 imakhala 166, osati 167, chifukwa 167 ndi bokosi loyandikana nalo limene malowo salimo. Ndikuona kuti n'kulakwa kulemba manambala khumi pamene chipangizo chimene munthu wayezera chingaphonye ndi mamita asanu kapena kuposa, chifukwa wolandira nambalayo amakhulupirira kulondola kumene kulibe.

Mizere yoimirira ya gridi ndi yotalikirana mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, pamene mizere ya longitude imayandikirana ikamapita kumpoto. Izi zikutanthauza kuti kumpoto kwa gridi kumafanana ndi kumpoto kwenikweni pa mzere wapakati pokha. Kwina konse pali kusiyana, ndipo kukula kwake kumapezeka pafupifupi pochulukitsa madigiri a longitude ochokera pa mzere wapakati ndi sine (nambala ya m'masamu a ngodya) ya latitude ya malowo. Pa madigiri 55 kumpoto, malo amene ali madigiri 4 kuchokera pakati amakhala ndi kusiyana kwa madigiri opitirira pang'ono 3. Palinso kumpoto kwachitatu, kumene singano ya kampasi imaloza, ndipo kumeneku kumasuntha chaka ndi chaka chifukwa chitsulo chosungunuka cha m'kati mwa dziko sichikhala bata. Mapu abwino amalemba m'mphepete kusiyana kwa zitatuzi pamodzi ndi chaka chimene anayeza, ndipo woyenda ndi mapu akale ayenera kukumbukira kuti nambala ya kampasi imakalamba pamene ya gridi siisintha. Mu November 2022 zitatuzi zinalozera kumodzi pagombe la Dorset, pafupi ndi mudzi wa Langton Matravers, pamene mzere wa madigiri 2 kumadzulo umalowera kumtunda.

Mayiko ena anakumana ndi mafunso omwewa n'kuyankha molingana ndi maonekedwe awo. France, amene ndi wotambalala mbali zonse, amagwiritsa ntchito njira ina ya Lambert yemwe uja, imene imayerekezera pepala lopindidwa ngati chipewa chosongoka chovekedwa padziko. Switzerland anaika pakati pa gridi yake pamalo akale oonera nyenyezi mumzinda wa Bern, n'kupatsa malowo manambala 600,000 ndi 200,000, osankhidwa dala kuti m'dziko lonselo nambala ya kum'mawa izikhala yaikulu kuposa ya kumpoto, moti munthu akazitembenuza zimaonekeratu. Pamene anakonzanso gridiyo anawonjezera 2,000,000 ku yoyamba ndi 1,000,000 ku yachiwiri kuti manambala atsopano asasokonezedwe ndi akale, nzeru imene ndikuiona kuti ndi yofunika kutsanzira. Mayiko ambiri amangotenga gridi yotchedwa UTM, imene imagawa dziko lapansi m'zigawo 60, chilichonse cha madigiri 6 a longitude, kuyambira madigiri 80 kumwera mpaka madigiri 84 kumpoto. Chigawo chilichonse ndi Transverse Mercator yakeyake, ndi nambala yochepetsera ya 0.9996, ndipo mzere wake wapakati umapatsidwa easting ya 500,000. Kumpoto kwa ikweta northing imayambira pa ziro, pamene kumwera kwake ikweta imapatsidwa 10,000,000 kuti manambala asatsike pansi pa ziro. Vuto la UTM lili m'malire a zigawo, pamene malo awiri oyandikana amakhala ndi manambala osagwirizana konse, ndipo dziko limene malire oterewa amalidula pakati limakhala ndi chifukwa chomveka chofunira gridi yakeyake.

Kubwera kwa GPS ndiko kunaonetsa poyera zosankha zonse zimene zinali zobisika. GPS imawerengera malo pa WGS84, imene pakati pake ndi pakati penipeni pa kulemera kwa dziko lapansi, ndipo latitude ndi longitude ya malo amodzimodzi pa WGS84 ndi pa OSGB36 zimasiyana, m'madera ena ndi mamita oposa 100. Alendo amene amakaima pa mzere wotchuka wa ku Greenwich foni ili m'manja amaona kuti sikuwerenga ziro, chifukwa ziro wa GPS ali mamita pafupifupi 102 kum'mawa kwa mzerewo. Palibe pa ziwirizi chimene chikunama, koma chilichonse chikuwerengera pa datum yake. N'chifukwa chake manambala a malo amene sanatchulidwe datum yake ndi osakwanira, ndipo chipangizo chimene chaikidwa pa datum yolakwika chimapereka manambala ooneka abwinobwino amene angaike chitsime m'munda wa mwini wina kapena kutumiza opulumutsa anthu kutsidya lina la chigwa.

Kusintha manambala kuchoka pa datum ina kupita pa inzake kumachitika m'njira ziwiri. Njira yachidule imasuntha, kutembenuza ndi kukulitsa ellipsoid yonse pogwiritsa ntchito manambala 7, ndipo ku Britain imafikitsa munthu pa mamita ochepa kuchokera pamalo enieni. Siingathe kuposa apo chifukwa OSGB36 si yosalala ngati masamu: ukonde wa mathirayango uja unali ndi tizolakwa tosiyanasiyana dera ndi dera, kwina wokokeka, kwina wofinyika. Choncho Ordnance Survey inakonza njira yachiwiri, yotchedwa OSTN15, yomwe ndi tebulo lalikulu losonyeza kusuntha koyenera pa kilomita iliyonse ya dzikolo, ndipo imagwirizanitsa GPS ndi gridi yakale mpaka pafupifupi masentimita 10. Lero gridi siidaliranso zipilala za Hotine. Imadalira masiteshoni oposa 100 olandira zizindikiro za setilaiti usana ndi usiku, ndipo OSTN15 ndiyo imamasulira zimene masiteshoniwo apeza kuti zikhale manambala a gridi. Wina angafunse chifukwa chake sanangotaya gridi yakaleyo n'kuyamba yatsopano yopanda zolakwa. Yankho lili m'kuchuluka kwa zinthu zimene zinalembedwa kale ndi manambala akalewo: malire a malo a anthu, mapaipi a madzi ndi gasi okwiriridwa pansi, mbiri ya kumene zomera ndi nyama zinaonedwa, ndi mapu mamiliyoni ambiri amene ali m'manja mwa anthu. Kusunga tizolakwa todziwika bwino kunali kotsika mtengo komanso kotetezeka kuposa kukhala ndi manambala amitundu iwiri ofanana maonekedwe.

Gridi imanena za kum'mawa ndi kumpoto kokha. Kutalika kwa malo kuchokera pansi kuli ndi poyambira pake padera, ndipo ku Britain ndi pakatikati pa kukwera ndi kutsika kwa nyanja monga anayezera padoko la Newlyn ku Cornwall kuyambira 1915 mpaka 1921. GPS payokha imapereka kutalika kochokera pa ellipsoid, komwe ku Britain kumaposa kutalika kochokera panyanja ndi mamita pafupifupi 50, ndipo nakonso kumafunika tebulo lake lokonzera.

Chotsala ndi chakuti nthaka imene gridi yamangirizidwapo siima malo amodzi. Chigawo cha dziko chimene chanyamula Europe chimayenda masentimita pafupifupi 2.5 pachaka kulowera kumpoto chakum'mawa, choncho pa WGS84 manambala a nyumba iliyonse amasintha pang'onopang'ono ngakhale nyumbayo sinasunthe pamaziko ake. Mayiko a ku Europe anagwirizana kugwiritsa ntchito datum yotchedwa ETRS89, imene inafanana ndi muyeso wa dziko lonse lapansi mu 1989 ndipo kuyambira pamenepo imayenda limodzi ndi nthakayo, moti panopa ziwirizi zasiyana ndi pafupifupi mita imodzi. Masiteshoni a Ordnance Survey amawerengera pa ETRS89, ndipo n'chifukwa chake nambala ya Ben Nevis pa gridi siikusintha. Australia, imene imayenda masentimita pafupifupi 7 pachaka, inasankha njira ina: datum yake ya 1994 itatsalira kwambiri kumbuyo kwa zimene setilaiti zinkasonyeza, inakhazikitsa yatsopano yotchedwa GDA2020, ndipo manambala a malo onse m'dzikolo anasuntha ndi mamita pafupifupi 1.8.